Lipoti la msonkhano wa kamangidwe ka zipatala ndi malabotale

A Wapampando, amayi ndi abambo a mu komiti yathu yoyang'anira ntchito yomanga wodi yatsopano ndi labotale,

Munandituma ku msonkhano wa masiku awiri wa akatswiri ojambula mapulani a zipatala ndi nyumba zochitiramo kafukufuku, kuti ndikamve ngati pali chofunika kusintha pa pulani yathu tisanaisainire. Ndapita, ndabwerako. Chofunika kusintha chilipo, ndipo pempho langa n'lakuti pulaniyo tisaisainire mmene ililimu.

Ambiri mwa amene anabwera anali ojambula mapulani ndi mainjiniya. Anamwino tinalipo owerengeka chabe, moti pa nthawi ya mafunso ndinkachita kudzilimbitsa mtima kuti ndikweze dzanja. Gawo lalikulu la tsiku loyamba anatsogolera ndi a kampani ina imene ntchito yake n'kujambula zipatala ndi malabotale basi. Ine ndinkayembekeza zithunzi za nyumba zokongola. Iwo anayamba ndi nkhani ya maliro.

Mu 2006 madokotala anafalitsa zimene anapeza ku Tugela Ferry, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa. Mwa odwala 53 amene anapezeka ndi TB yosamva mankhwala pafupifupi onse, ija amati XDR-TB, 52 anamwalira. Theka la iwo anali atatisiya pofika tsiku la 16 chitengereni makhololo awo kukayeza. Oposa theka anali asanamwepo mankhwala a TB, koma ambiri anali atagonekedwapo m'chipatala matendawa asanawapeze. Izi zinasonyeza kuti ambiri ayenera kuti anawatengera mommo, pamalo pamene anapita kukafuna thandizo. Mayi amene amafotokoza nkhaniyi anatifunsa kuti: mpweya umene wodwala watulutsa pa bedi ili, umadutsa pa mphuno za anthu angati usanatuluke panja? Anati yankho lake limalembedwa tsiku limene munthu akujambula pulani, njerwa ngakhale imodzi isanaikidwe.

Kenaka anatipatsa manambala, ndipo ndinawalemba mosamala chifukwa ndi amene tidzagwiritse ntchito polankhula ndi wojambula wathu. Mu 2007 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa m'zipatala za ku Lima m'dziko la Peru. Ofufuzawo anayeza kuti mpweya wa m'chipinda umasinthika kangati pa ola. M'zipinda zongotsegula mawindo ndi zitseko unkasinthika ka 28 pa ola, pomwe chipinda chopatulira odwala chodalira makina osintha mpweya chimafunika kufika ka 12. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti nyumba zakale, zomangidwa chisanafike chaka cha 1950, za denga lalitali ndi mawindo aakulu, zinkafika ka 40, koma zatsopano ka 17 kokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 linaika muyeso wa zipatala zodalira mpweya wolowa wokha: malita 60 pa sekondi kwa wodwala aliyense mu wodi wamba, ndi malita 160 m'chipinda cha wodwala matenda oyenda mumpweya. Nzeru imeneyi si yachilendo ayi. Namwino wa ku Britain Florence Nightingale ankalimbikira kale m'zaka za m'ma 1850 kuti wodi ikhale ndi mawindo mbali zonse ziwiri. Tinaiwala chabe pamene tinayamba kukhulupirira kuti chipatala chamakono ndi chotsekeka.

Usiku umenewo ndinayala pulani yathu pa bedi n'kuyamba kuiyang'ana ndi maso ena. Ili ndi kolido pakati, zipinda uku ndi uku. Chipinda chilichonse chili ndi mawindo mbali imodzi yokha. Mabenchi odikirira awaika mu kolidomo, mmene mulibe windo ngakhale limodzi. Ndiye kuti wotsokomola, mayi wapakati ndi mwana wodzalandira katemera adzakhala mothithikana maola ambiri akupumirana. Ife tonse, ine ndemwe, tinaivomereza pulaniyi pa msonkhano wathu wapita uja chifukwa tinkawerenga mabedi ndi zipinda, osaganizako za mpweya.

Pano ndiloleni ndinene za mumtima. Zaka zapitazo ndinagwirapo ntchito mu wodi ina mmene mawindo anawakhomerera ndi misomali chifukwa zogwirira zake zinathyoka ndipo panalibe wokonza. Tinkangoti ndi vuto laling'ono. Mnzanga amene tinkachezera naye usiku mu wodi imeneyo anadwala TB, anamwa mankhwala miyezi yambiri, ndipo sanabwererenso pa ntchito ya unamwino. Kumene anaitenga sindingaloze ndi chala, koma mawindo aja sachoka m'maganizo mwanga. N'chifukwa chake nkhaniyi ndaigwira ndi manja awiri.

Chitsanzo chimene anakhalapo nthawi yaitali ndi chipatala cha Butaro ku Rwanda, chimene chinatsegulidwa mu 2011. Anachijambula ndi a MASS Design Group mogwirizana ndi Partners In Health komanso unduna wa zaumoyo wa dzikolo. Kumeneko makolido a mkati anawachotsa, anthu amayenda ndi kudikirira m'makonde a panja okhala ndi denga. Mawodi ali ndi denga lalitali, mafani aakulu oyenda pang'onopang'ono, ndi mipata pamwamba yotulutsira mpweya wotentha. Mabedi anawatembenuza: mitu yake yatsamira kakhoma ka pakati pa wodi mmene mukudutsa mawaya ndi mapaipi, ndipo wodwala aliyense akuyang'ana pawindo osati pankhope ya wodwala mnzake. Makoma ambiri ndi a miyala ya chiphalaphala ya m'dera lomwelo, yosemedwa ndi amisiri a komweko. Palibe chodabwitsa pa zipangizo zimenezi. Chimene chinagwira ntchito ndi kuganiza.

Apa m'pamene ndinakweza dzanja. Ndinafunsa kuti nanga usiku kukazizira, kapena kukakhala udzudzu, kapena odwala akamaopa akuba, si mawindo omwewo amene amayamba kutsekedwa? Aliyense amene anagwirapo ntchito ya usiku akudziwa kuti pofika pakati pa usiku windo lotsegula sulipeza. Anandiyankha mosabisa kuti vutoli ndi lenileni, ndipo chipatala chimene chitetezo chake chonse chili m'manja mwa munthu wokumbukira kutsegula windo sichinajambulidwe bwino. Njira yawo ndi kuika mipata yosatsekeka pamwamba pa khoma, kutali ndi mitu ya odwala, kuti mphepo idutse pamwamba popanda kuwazizira. Anatichenjezanso kuti sefa wotchinga udzudzu amachepetsa mpweya wolowa, makamaka akadzaza fumbi, kotero windo la sefa liyenera kukula kuposa lopanda sefa ndipo sefayo azitsukidwa. Anavomerezanso kuti mphepo ili ndi masiku ake, ndipo m'chipinda cha opaleshoni ndi mu labotale yoweta tizilombo ta TB simungadalire mawindo. Mmenemo makina ndi ofunika, ndipo mpweya uyenera kuyenda mbali imodzi yokha, kuchoka koyera kupita kodetsedwa.

Za kuwala ndi mtendere wa wodwala ndidutsapo mwachangu, ngakhale zinandikhudza. Mu 1984 wofufuza wina, Roger Ulrich, anayerekeza odwala 46 ochitidwa opaleshoni ya ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania. Amene windo lawo linkayang'ana mitengo anatuluka msanga ndipo anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa poyerekeza ndi amene ankayang'ana khoma la njerwa. Anatikumbutsanso za chipatala cha TB cha Paimio ku Finland, cha mu 1933, chimene Alvar ndi Aino Aalto anachijambula poganizira munthu wogona chagada: mtundu wa siling'i anausankha kuti usatopetse maso, ndipo masinki anawapanga kuti madzi asachite phokoso losokoneza wa pa bedi lina. Ife oimirira timaona makoma ndi pansi. Wodwala amaona siling'i tsiku lonse.

Tsiku lachiwiri linali la malabotale ndi magetsi, ndipo ndi limene ndinaphunzirapo zachilendo zambiri. Lipoti la bungwe la Health Care Without Harm la mu 2019 linapeza kuti ntchito zaumoyo zimatulutsa 4.4 peresenti ya mpweya wonse wotenthetsa dziko, moti zikanakhala dziko pazokha bwenzi zili pa nambala 5. Ntchito yochiritsa ikuthandizira kutentha kumene kukudwalitsa anthu omwe tikuwachiritsawo. Labotale ndiye imadya magetsi kuposa ofesi ya kukula komweko maulendo angapo, chifukwa mpweya wake subwezeredwa mkati. Umakokedwa panja, kuuziziritsa kapena kuutenthetsa, kenaka n'kuutaya. Kabati yokokera utsi wa makemikolo ikasiyidwa galasi lili pamwamba imataya mpweya umenewu usana ndi usiku, ndipo kungotsitsa galasilo munthu akamaliza ntchito kumapulumutsa magetsi ochuluka. Mafiriji osunga zoyeza pa madigiri -80 ambiri angathe kuikidwa pa madigiri -70 n'kuchepetsa magetsi ndi pafupifupi 30 peresenti, malinga zimene zasungidwazo zikulola. Izi ndazilembera anzathu a ku labotale kuti aunike okha, popeza iwo ndi amene akudziwa zimene amasunga.

Chimene ndikufuna komiti igwiritse pa labotale ndi nkhani ya kusintha. Makina a kafukufuku amasintha zaka zochepa zilizonse, koma nyumba imakhala zaka makumi ambiri. Ku malo a kafukufuku a Salk Institute ku California, nyumba ya mu 1965 yojambulidwa ndi Louis Kahn, pamwamba pa nsanjika iliyonse ya labotale pali kansanjika kena ka mapaipi ndi mawaya kokha, mmene amisiri amayenda n'kukonza osasokoneza ofufuza. Ife sitikumanga zazikulu chotero, koma phunziro lake likutikhudza. Pulani yathu yakwirira mapaipi onse mu konkire. Tsiku limene paipi imodzi idzabooke, tidzagumula pansi pa labotale.

Anakambanso za chipatala pa nthawi ya tsoka. Chipatala cha Spaulding ku Boston, chotsegulidwa mu 2013 m'mphepete mwa nyanja, chinatengerapo phunziro pa mphepo yamkuntho ya Katrina ya mu 2005, pamene majenereta a zipatala zina anamira. Makina ake a magetsi ali padenga, ndipo mawindo ake amatseguka kuti odwala apume magetsi akazima. Ku Port-au-Prince m'dziko la Haiti, malo ochizira kolera a GHESKIO a mu 2015 amayeretsa okha madzi oipa onse pamalopo asanatuluke, kuti chipatala chisabwezere matenda kwa anthu ozungulira. Ndipo lipoti la WHO ndi mabungwe anzake la mu 2023 linati anthu pafupifupi 1 biliyoni amathandizidwa ndi zipatala zopanda magetsi kapena za magetsi osadalirika. Nditamva zimenezi ndinakayang'ana pamene pulani yathu yaika jenereta ndi mabatire a sola. Ndi pamalo potsika kuposa pena paliponse, pamene madzi amayamba kufika mvula ikagwa yambiri.

Si zonse zimene ndinagwirizana nazo. Wina anationetsa nyumba ya magalasi okhaokha, yodzaza ndi timakina totsegula ndi kutseka zinthu patokha, ndipo ananyadira satifiketi yake ya LEED, yotsimikizira kuti nyumba ndi yosamala chilengedwe. Masatifiketi otere alipo angapo, monga BREEAM, WELL ndi EDGE, yomalizayi imafuna kuti nyumba ichepetse ndi 20 peresenti magetsi, madzi ndi mpweya wa kaboni wotuluka popanga zipangizo zomangira. Ndi othandiza poyeza ntchito, sindikuwanyoza. Koma ndinafunsa kuti timakinato tikafa adzakonza ndani, ndipo yankho silinandikhutiritse. Nyumba imene imakhala yathanzi pokhapokha zonse zikuyenda bwino siikhala yathanzi nthawi yaitali. Pa nkhani ya simenti, imene kupanga kwake kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni padziko lonse, ndinakhutira ndi amene amati tiyambe taona ngati nyumba yakale ingakonzedwe tisanaigwetse, ndipo konkire tiziika pokhapo pamene ikufunikadi.

Kampani yojambula zipatala ija inanena kuti isanajambule mzere woyamba imakhala masiku angapo mu wodi, kutsatira namwino, wokolopa, wonyamula odwala ndi wodwazika, kuona mmene akuyendera. Akuti wokolopa ndi amene amadziwa ngodya imene siitheka kutsuka, ndi sinki imene aliyense amailambalala chifukwa ili kuseri kwa chitseko. Pulani yathu sanaioneko wokolopa ngakhale mmodzi, ndipo anamwino a usiku sanafunsidwe. Mlandu umenewu ndi wa ife a komiti, chifukwa wojambula anajambula zimene tinamuuza. Akulu anati kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo lero kusuntha khoma kukungofuna pensulo ndi chofufutira.

Choncho ndikupempha komiti ibweze pulaniyi kwa wojambula wathu ndi zinthu izi. Malo odikirira achoke mu kolido apite pa khonde la panja lokhala ndi denga, ndipo otsokomola akhale ndi mbali yawo. Wodi ikhale ndi mawindo mbali ziwiri zoyang'anizana, denga likwezedwe, ndipo pamwamba pakhale mipata yosatsekeka. Wojambulayo atilembere papepala kuti mpweya udzafika malita angati pa wodwala, tiyerekeze ndi 60 ndi 160 a WHO aja, komanso tigwirizane kuti nyumba ikatha mpweyawo udzayezedwa tisanailandire kwa kontrakitala. Mapaipi a labotale adutse poonekera pofikika, ndipo jenereta ndi mabatire zikwere pamalo pokwera. Ndikudziwa kuti kukweza denga ndi kukuza mawindo kuwonjezera ndalama, ndipo a Msungichuma adzafunsa. Ndikupempha kuti wojambula atiwerengere mitengo iwiri, wa kumanga ndi wa kuyendetsa nyumbayo zaka khumi, tiione pamodzi.

Pa msonkhano wathu ukubwerawu ndikufuna chilolezo chanu, a Wapampando, choitana anamwino awiri a usiku, wokolopa mmodzi ndi mmodzi wa ku labotale. Ndidzabwera ndi pulaniyo itasindikizidwa papepala lalikulu, ndipo ndajambulapo kale ndi inki yofiira njira imene mpweya ukuyenda kuchokera pa bedi loyamba mpaka pa mabenchi odikirira.

Ine nthumwi yanu,
Namwino woona za kupewa kufala kwa matenda