Mwana wanga, mwezi uno usathe usanapimitse maso

Mwana wanga,

Landira moni wochokera kuno kumudzi. Tili bwino, chimanga tinakolola ndipo chili m'matumba, amayi ako akungodandaula bondo lija nyengo yozizira ino. Ndalama unatumiza zinafika, Mulungu akudalitse. Usadabwe kuti akulemba ndi mlongo wako ine ndikungoyankhula. Kulemba nthawi yaitali kwayamba kunditopetsa diso. Ndikanatha kukuimbira foni, koma ndimakudziwa: pafoni umati "ndamva bambo" mutu uli kale pa katundu wa mawa. Kalata iyi uiwerenge utakhala pansi, galimoto itazima.

Ukukumbukira pa Khirisimasi paja ndinagunda phewa pafelemu la chitseko, iwe n'kundifunsa ngati ndili bwino? Ndinati kunali mdima. Sikunali mdima. M'mwezi wa Febuluwale wakabaza anandiomba pamsika akuchokera chakumanja kwanga. Anthu onse anamuona akubwera. Ine belu ndinalimva, koma njinga ndinaiona itandigwetsa kale. Amayi ako ndi amene anaumirira kuti tipite kuchipatala, ine ndikuti vuto ndi magalasi akale basi, pakuti Baibulo ndinkawerenga bwinobwino.

Kuchipatala cha boma mkulu woona za maso anandidontheza mankhwala ochititsa dzanzi, n'kugunditsa padiso kachipangizo koyeza mphamvu ya timadzi ta m'kati mwake. Lakumanja linapereka 34, lakumanzere 26. Anati diso la munthu limayenera kukhala pakati pa 10 ndi 21. Ananditumiza ku chipatala cha maso cha Lions Sight First ku Kamuzu Central, ku Lilongwe. Kumeneko ndinaika chibwano pamakina ena, akuti ndiyang'ane kadontho ka pakati ndipo ndizidina batani ndikaona kuwala kwina kukuphethira m'mbali. Ndinkadikira kuwalako, kosabwera. Pepala litatuluka, la diso lakumanja linali lakuda pafupifupi lonse, kungotsala kabwalo koyera pakati. Dzina la matendawa ndi glaucoma.

Ndinawapempha adokotala kuti afotokoze kawiri, kuti ndidzathe kukufotokozera iwe. M'kati mwa diso, chakutsogolo, muli timadzi toyera. Si misozi ayi, misozi ili kunja. Timadziti diso limatipanga usana ndi usiku, ndipo timatuluka kudzera m'tingalande tating'onoting'ono tozungulira m'mphepete mwa gawo lakuda la diso. Ganiza za dimba lathu la kudambo ngalande ikadzaza matope: kasupe saleka kutumphuka chifukwa choti njira yatsekeka. M'dimba madzi amasefukira, koma m'diso alibe kothawira, ndiye amapanikiza chakumbuyo, komwe kuli mtsempha wonyamula zimene diso laona kupita nazo ku ubongo. Mtsempha umenewu uli ngati chingwe cha khonje, wolukidwa ndi tiulusi toposa 1 miliyoni. Tiulusito timaduka kamodzikamodzi, ndipo kamene kaduka palibe dokotala padziko pano amene angakalumikize.

Apa ndiye pali kusiyana kwake ndi ng'ala. Amalume ako aja anakachotsedwa ng'ala ku Nkhoma, m'mawa mwake atawamasula bandeji anazindikira nkhope za anthu onse m'wodi. Ng'ala ndi chophimba chabe, amachichotsa n'kuikapo kagalasi, munthu n'kuonanso. Glaucoma imadya mtsempha weniweniwo. Pa matenda onse obweretsa khungu losabwezeka, woyamba padziko lonse ndi ameneyu.

Ukhoza kufunsa kuti bambo, munthu diso likutha osadziwa bwanji? Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mtundu umene ndili nawo ine, womwe ndi wofala kwambiri pakati pathu, supweteka, diso silifiira, silituluka manthongo. Umayamba kudya za m'mbali, zapakati n'kuzisiya mpaka kumapeto. Pamene diso limodzi laperewera linzake limakwirira, ndiye munthu umangoona ngati zonse zili m'malo. Podzazindikira umakhala ukuona dziko ngati ukusuzumira m'paipi. Adokotala akuti langali lakhala likudyeka kwa zaka zambiri, mwina ndisanapume n'komwe pantchito yauphunzitsi.

Tsopano ndifike pamene pakundisowetsa tulo. Atamaliza nane anandifunsa kuti ndili ndi ana angati, nanga abale a bere limodzi alipo angati. Matendawa amayenda m'magazi. Munthu amene bambo ake, mayi ake kapena m'bale wake ali nawo, mpata woti amugwire ndi waukulu kangapo kuposa wa munthu wina. Ndiponso ife anthu akuda amatigwira kwambiri kuposa azungu, amatiyamba tikadali ndi mphamvu, ndipo amathamanga. Munthu akafika zaka 40 chiopsezo chimanka chikwera. Iwe unakwanitsa 41 mu Epulo.

Ndili m'basi pobwerera ndinakumbukira azakhali ako aakulu. Iwe unali wamng'ono. Anayamba kupunthwa m'mizere kumunda, kugwetsa makapu, mpaka analowa mumdima asanafike zaka 60. Maso awo anali oyera bwinobwino, opanda ng'ala, ndiye pamudzi tinati awalodza. Tinagulitsa mbuzi ziwiri kuyenda nawo kwa asing'anga, anawafinyira zamasamba m'maso zimene zinangowaotcha, ndipo mayi wina wosalakwa tinasiya kumupatsa moni mpaka tsiku la maliro ake. Ine ndinali nawo pa zimenezo, ndipo zikundipweteka. Lero ndikukhulupirira kuti chimene chinadya maso a mlongo wanga ndi chomwechi chili m'diso langa, ndipo chikhoza kukhala chayamba kale mwa mmodzi wa inu.

Ndiye pempho langa ndi limeneli: mwezi uno usathe usanapimitse maso. Kuwerenga zilembo za pakhoma sikukwanira. Ine ndinkaziwerenga mpaka mizere yapansi diso likutha. Ukawauze poyambirira pomwe kuti bambo anga ali ndi glaucoma. Akayeze mphamvu ya timadzi tija m'maso onse awiri, koma asalekere pomwepo, chifukwa alipo ena amene nambala yawo imakhala yabwino mtsempha ukufa ndithu. Akasuzumire mtsemphawo kumbuyo kwa diso, ndipo akakayikira akakuike pamakina a batani aja. Usanene kuti BP yanga ili bwino ndiye maso alinso bwino. Za pamkono ndi zina, za m'diso ndi zina. Ku Joni malo opimira ndi ambiri: akatswiri a m'masitolo a magalasi amayeza, ndipo ku Soweto kuli chipatala cha maso cha St John, ku Baragwanath. Ukakhala kuti wabwera kumudzi, ku Queens ku Blantyre, ku Kamuzu Central, ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Nkhoma konseko amaona maso. Akakupeza uli bwino, uthokoze Mulungu koma uzibwererako chaka ndi chaka, kapena zikavuta zisadutse zaka ziwiri.

Ndikudziwa chimene uope. Uganiza kuti akakupeza nawo akulanda laisensi, ana n'kugona ndi njala. Tandimvera. Amene wapezeka msanga amayamba madontho, ndipo ambiri amaonabe bwino moyo wawo wonse, ntchito akugwira. Chimene chimachotsa munthu pachiwongolero ndi kuchedwa. Ndipo taganiza, iwe ukuyendetsa chilole chodzaza katundu, mwana wa eni ake n'kutulukira cham'mbali monga anatulukira wakabaza uja kwa ine. Ine ndinangosupuka chigongono.

Pali kanthu kena kamene ndinakaona uli kuno. Unkadandaula kuti maso akuyabwa ndi fumbi la pamsewu, ndipo m'thumba unali ndi kabotolo kogula wekha. Kawerenge zimene zalembedwapo. Ngati pali dexamethasone, betamethasone kapena prednisolone, ukaonetse kwa dokotala msanga. Mankhwala amenewo amaziziritsa kuyabwa, n'chifukwa chake anthu amawakonda, koma ukamawadontheza milungu yambiri amakweza mphamvu ya m'diso mwa anthu ena, makamaka a m'banja longa lathuli. Ukatchulenso mphumu imene inkakuvuta uli mwana, chifukwa timolol, amene ndi madontho opezeka kwambiri a glaucoma, amatha kubanikitsa wa mphumu ndiponso kuchedwetsa kugunda kwa mtima. Matenda a shuga, kuvulala m'diso ngakhale kwakalekale, ndi kusaona patali kofuna magalasi okhuthala, zonsezi zimawonjezera chiopsezo. Anzako ena akuuza kuti chamba chimachiza matendawa. Chimatsitsa mphamvu ija kwa maola atatu kapena anayi okha, pamene diso limafuna kutetezedwa usana ndi usiku wonse. Umenewo si mankhwala.

Za ine usade nkhawa mopitirira. Ndikudontheza timolol m'mawa ndi madzulo, latanoprost pogona. Dontho limodzi limakwana. Ndikadontheza ndimatsinzina, n'kupanikiza ndi chala pakona ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi ziwiri kuti mankhwala asatsikire kummero, ndipo botolo lachiwiri ndimadikira mphindi zisanu. Amayi ako anamangirira nthawi ya madontho ku nthawi ya mapemphero athu, ndiye sitiiwala. Nsidze zatalika ndipo khungu lozungulira maso ladera pang'ono. Anandichenjeza kale kuti latanoprost amatero.

Chovuta pa mankhwalawa n'chakuti suona phindu lake. Panado ukamwa mutu umaleka. Awa umadontheza mwezi wathunthu, kuona kuli chimodzimodzi, nthawi zina diso n'kumalumaluma. Pamzere wa kuchipatala ndinacheza ndi bambo wina amene anasiya atamaliza botolo loyamba, akuti sakuchira. Anabwerera patatha chaka atagwidwa dzanja ndi mdzukulu. Palibe anamumvetsa kuti ntchito ya madontho ndi kulondera chimene chatsala, ndipo mlonda sapita kutchuthi. Ndi a moyo wonse. Nthawi zina kuchipatala chathu amatha, ndipo kufamase ndi odula. Ngati ukufuna kundithandiza, malaya ndili nawo okwanira. Uzionetsetsa kuti botolo lina lilipo lisanathe limene ndikugwiritsa ntchito.

Diso lakumanja silikumvera madontho mokwanira, ndiye akuti mwezi wamawa andichita opaleshoni. Amatsegula kanjira katsopano pansi pa chikope chakumwamba kuti timadzi tizitulukira. Kwa ena amagwiritsa ntchito kuwala kwa laser kutsegula tingalande takale, koma langali lapitirira pamenepo. Anthu pamudzi ayamba kale kundiopseza kuti wakutiwakuti anachitidwa opaleshoni n'kuchita khungu. Ine ndaona kumene nkhanizi zimachokera: munthu amapita diso litatha kale, akuyembekeza kuti akaona ngati wa ng'ala, ndipo zikapanda kutero mlandu umagwera mpeni. Ine andiuza mosabisa kuti chimene chinapita sichibwerera, ndipo ngozi pa opaleshoni sizilephera. Ndavomera. Kabwalo koyera kaja ndikukafuna.

Uwauzenso apongozi anga, mayi a ana akowo, zinthu ziwiri. Ulipo mtundu wina wa glaucoma umene umabwera mwadzidzidzi: diso kupweteka koopsa, kufiira, mutu kuwawa, kusanza, nyali kuoneka zitazunguliridwa ndi utawaleza. Zikatero si za kudikira kuche kapena kumwa panado, n'kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa diso likhoza kutha m'masiku ochepa. Chachiwiri ndi makanda. Khanda la maso aakulu modabwitsa, otuwa ngati chifunga, lotuluka misozi nthawi zonse ndi kuthawa kuwala, anthu amaliyamikira kuti lili ndi maso okongola, chonsecho ndi matenda omwewa. Lifulumizidwe kwa a maso.

Sindikubisira, milungu yoyamba ndinkadzuka pakati pausiku n'kumayatsa tochi kuti nditsimikize kuti ndikuonabe. Chimene chinandilimbitsa ndi amayi ako ndi mlongo wakoyu. Sanandilande khasu, sanandisandutse mwana. Anapaka laimu m'mphepete mwa masitepe a pakhonde, anaika babu lowala m'njira ya kuchimbudzi, ndipo anauza adzukulu kuti mpando ukachoka pamalo pake uzibwerera pomwepo, chitseko chizikhala chotseka kapena chotsegula kwathunthu. Wobwera chakumanja kwanga amayamba wayankhula. Tikamayenda pamsika sandikoka. Ine ndi amene ndimagwira mkono wa amayi ako pamwamba pa chigongono, iwo ali patsogolo pang'ono. Foni anandikulitsira zilembo, ndipo akuti ikhoza kumandiwerengera mauthenga. Ndikaganiza za azakhali ako, amene tinawasiya pamphasa kuseri kwa nyumba zaka zonse zija ngati kuti moyo wawo unathera pamaso, misozi imabwera. Likanakhala lero tikanawafunira ndodo yoyera ndi wowaphunzitsa kuyenda nayo, tikanawalumikiza ndi anzawo a ku Malawi Union of the Blind, ndipo bwenzi akupita okha kutchalitchi. Ngati tsiku lina mdima udzandipeza, mudzandichitire zimenezo. Musadzanditsekere m'nyumba, ndipo musadzaloze munthu chala.

Abambo ako aang'ono ndinawauza kale, akuzengereza, koma ndikawatenga ndekha popita ku opaleshoni. Mlongo wako anapimitsa sabata yatha, manambala ake ndi 15 ndi 16, mtsempha uli bwino. Mng'ono wako apita Lolemba. Watsala ndiwe. Ukapimitsa unditumizire manambala onse awiri, la kumanja ndi la kumanzere, ndi zimene anena za mtsempha.

Upereke moni kwa apongozi ndi ana. Chithunzi chawo chija unatumiza anaima patali. Utumize china choonekera bwino nkhope.

Ndine bambo ako.