Kwa inu otidzazira toner: vuto si pulinta yanga

Akuluakulu a kampani imene imandigulitsa ma cartridge odzazidwanso (timabokosi ta toner, ufa umene pulinta imasindikizira), ndalemba poyera pano chifukwa foni ndaimba kanayi, uthenga ndatumiza, koma yankho lanu silisintha: akuti pulinta yanga ndi yakuda m'kati, ndikaipukutitse. Dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa nokha. Chimene ndikufuna n'chakuti tikonze zinthu, osati tinyozane.

Ntchito yanga ndi yosindikizira anthu mapepala: makalata ofunsira ntchito, mayeso a ana asukulu, zikalata za mapangano. Munthu wofuna ntchito amayembekezera pepala loyera kuti mbee, chifukwa ndilo likamuyankhulire kumene iye sakafika. Mwezi uno ndatenga ma cartridge atatu kwa inu, ndipo palibe ngakhale imodzi yatulutsa pepala lotere.

Yoyamba inkasiya kadontho kakuda chakumanja, kanayi pa pepala lililonse la A4, kutsika m'munsi. Ndinatenga rula n'kuyeza. Kuchoka pa kadontho kena kufika pa kanzake, mamilimita 75, osasintha. Inu mukudziwa bwino tanthauzo lake kuposa ine. Dramu ya cartridge imeneyi, mkombero umene umadinda toner pa pepala, ndi ya mamilimita 24 m'mimba mwake, ndiye ikazungulira kamodzi imayenda mamilimita 75 pa pepala. Chilichonse chomatirira pa dramupo chimadindika pa mtunda womwewo. Madonthowo akanatalikirana mamilimita 38, ndikanaganizira charge roller, kamkombero kamene kamapatsa dramu mphamvu ya magetsi. Koma zonse ziwirizi zili m'kati mwa cartridge yanu, osati mu pulinta yanga. Nditatsegula kachitseko n'kusuzumira mwachangu, ndinaona chidindo cha chala pa dramu, toner atamatirira pamenepo. Chala chimenecho si changa.

Kuti ndisakunamizireni, ndinabwezeramo cartridge yanga yakale imene inali itatsala pang'ono kutha. Zilembo zinatuluka zotuwa, inde, koma kadontho kaja panalibe. Pulinta yomweyo, mapepala omwewo.

Yachiwiri ndiye inandipweteka mtima kwambiri. Pepala lonse linkatuluka ngati lawazidwa phulusa, ndiponso mzere wakuda wowonda unkatsika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mzere wotere nthawi zambiri umatanthauza kuti wiper blade, kalabala kamene kamapala toner wotsala pa dramu, kabenthuka kapena katha. Poitulutsa, toner anakhuthuka kuchokera m'chipinda cha zotsalira, kugwera pa transfer roller (kamkombero ka mu pulinta kokokera toner pa pepala) ndi pa malaya anga. Cartridge yoti yangosindikiza mapepala osakwana 100, chipinda cha zotsalira chingadzaze bwanji? Yankho ndi limodzi: simunachikhuthule. Munangothira toner watsopano pamwamba pa wakale n'kutseka. Kuyambira tsiku limenelo mapepala anayamba kuda ndi kumbuyo komwe. Ndiye mukamati pulinta yanga ndi yakuda m'kati, tsopano mukunena zoona, koma waidetsa ndani?

Anzanga amene mukuwerenga, toner akakugwerani pa chovala, kung'unthani kaye kenako muchape ndi madzi ozizira. Madzi otentha amamusungunula n'kukanirira, chifukwa toner ndi ufa wa pulasitiki wopangidwa kuti uzisungunuka ndi kutentha kwa fuser (mbali ya pulinta yomatira toner pa pepala), kumene kumayandikira madigiri 200.

Yachitatu inabwera m'pepala la pulasitiki loonekera m'kati, popanda thumba lakuda, popanda bokosi, popanda chotchinga dramu. Dramu imeneyi imagwira ntchito ndi kuwala, ndiye ikakhalitsa pa dzuwa kapena pa magetsi owala imawonongeka. Opanga ma cartridge samawaika m'matumba akuda pofuna kukongoletsa ayi.

Nditatopa ndi mafoni ndinabwera ndekha kudzabweza. Zimene ndinaona ndi maso angawa ndi zimene zandilembetsa zonsezi. Mnyamata wanu anali pa tebulo la pawindo, dzuwa likuwomba, madramu atatu atangogonekedwa pa nyuzipepala. Amawagwira ndi manja opanda magolovesi. Fanulo imodzi yomweyo amathirira toner wa m'mabotolo osiyana, osaipukuta. Pansi pa tebulo panali fumbi lakuda loti chala chimalemba. Mnyamatayo sindikumuda, anandilandira mwaulemu, ndipo zikuoneka kuti palibe anamuphunzitsa. Mlandu ndi wa inu amene mumamutuma.

Toner si ufa wakuda chabe woti uliwonse ungalowe paliponse. Timibulu take ndi tating'ono kwambiri, ma micron 5 mpaka 10 (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi), ndipo mtundu uliwonse anaupanga kuti uzinyamula mphamvu ya magetsi yakeyake ndi kusungunuka pa kutentha kwakekwake. Wina ali ndi chitsulo m'kati kuti azikokedwa ndi maginito, wina alibe. Mukasakaniza mitundu iwiri, kapena watsopano ndi wakale wodzala ndi fumbi la mapepala, timibulu tina sitigwira mphamvu moyenera ndipo timakakhala pamalo oyenera kukhala oyera. Phulusa lija limachokera pamenepo. Kachinyalala kamodzi kakatsamira pa doctor blade, kamene kamayeza toner wopita ku dramu, toner sadutsa pamalopo, pepala limatuluka ndi mzere woyera wodula zilembo. Chinyezi nachonso chimaumbitsa toner timabuma, n'chifukwa chake botolo silisiyidwa pululu.

Ine sindikutsutsa zodzazanso ma cartridge. Ndimazikonda, chifukwa zimatipeputsira mtengo ndiponso zimachepetsa mapulasitiki otayidwa. Koma kudzaza kwenikweni kumayamba ndi kumasula cartridge yonse, kukhuthula zipinda zonse ziwiri, kuyamwa fumbi ndi makina okhala ndi sefa yogwira toner, osati makina wamba osesera m'nyumba amene amangomulavulira mumpweya anthu n'kumapuma. Kenako kupukuta charge roller, kuona milomo ya ma blade, kusintha dramu ngati yakalika, ndi kuonetsetsa kuti zotsekera za m'mbali sizikudontha. Zonsezi pamalo opanda dzuwa, ndi magolovesi m'manja. Pomaliza muisindikizire pepala loyesera, limodzi loyera, lina lakuda lonse, n'kuliika m'bokosi kuti wogula aone. M'ma cartridge atatu anga munalibe pepala lotere ngakhale limodzi.

Chifukwa cha ntchito yanu ndataya mapepala oposa limu imodzi. Mayi wina amene ndinamusindikizira kalata yofunsira ntchito anaiona, n'kundibwezera mwakachetechete, osanena kanthu. Manyazi amenewo anagwira ine, osati inu.

Ndikupempha kuti mundisinthire ma cartridge atatuwa ndi ena oyesedwa, kapena mundibwezere ndalama zanga. Mutumizenso munthu wodziwa ntchito adzayeretse transfer roller ndi m'kati mwa pulinta mmene toner wanu anatayikira, ndalama yake ikhale yanu. Ndipo wolandira mafoni wanu asiye kuuza makasitomala kuti vuto ndi pulinta asanafunse n'komwe kuti chilemacho chikuoneka bwanji.

Ma cartridge onse atatu ndawasunga m'bokosi lotseka, pamodzi ndi mapepala ake, lililonse ndalemba tsiku ndi muyeso wake. Amene mudzamutume adzabwere ndi rula yake, tidzayezere limodzi. Ndikudikira yankho lanu pompano pofika Lachisanu.