Kwa eni lesitilanti ya zakudya za ku Italy mu Lilongwe: munawadyetseranji nkhumba amayi anga?

Ndalemba poyera chifukwa uthenga womwe ndinakutumizirani Lolemba munauwerenga, koma mpaka lero zii.

Lamlungu lapitali tinanyamuka ku Kasungu m'mawa, ine, akazi anga ndi amayi, omwe tsikulo amakwanitsa zaka 70. Makilomita oposa 120 pa M1, kudutsa Madisi, Mponela, Lumbadzi, pagalimoto yobwereka, petulo wochita kusakasaka. Amayi anatchena chilundu chawo chatsopano, ati akadyeko kwa azungu asanafe.

Amayi ndi a Sabata. Nkhumba sanailawepo chibadwire. N'chifukwa chake ataloza carbonara pa menyu ndinamufunsa mnyamata wanu woperekera zakudya kuti, "Achimwene, mmenemu mulibe nkhumba?" Anandiyankha m'Chingerezi, Mmalawi mnzanga ndithu, kuti mulibe. Ndinafunsanso kachiwiri. Anapukusa mutu maso ali pa tebulo lina.

Mbale itafika amayi anadya mafoloko atatu kapena anayi, akuseka kuti sipageti ya kuno amaiphula isanapse. Kenako anatola kanyama kofiirira, kamafuta, kokazinga mpaka kuuma, n'kukayang'anitsitsa. Akazi anga atalawa anangondiponda phazi kunsi kwa tebulo.

Nditafika kunyumba ndinafufuza. Carbonara ndi chakudya cha ku Rome, ndipo amaphikira mazira, tchizi, tsabola wakuda ndi guanciale, yomwe ndi nyama ya patsaya la nkhumba. Ndiye kuti nkhumbayo sinagweremo mwangozi, ndiye mwini wake wa mbaleyo. Ine wogulitsa mbewu pa Chinkhoma ndingazidziwire kuti zimenezi? Koma munthu wonyamula mbale yomweyo tsiku ndi tsiku asadziwe?

Amayi sanalalate. Anaika foloko pansi, n'kupita kukachukucha m'kamwa, pobwera maso ali psuu. Bola akanakalipa.

Chomwe chandiwawa kwambiri ndi a manejala anu. M'malo mopepesa anati tikanawerenga bwino menyu, pomwe menyuyo yadzaza ndi mayina a Chitaliyana. Mbale ija inalowabe pa bilu. Ndinalipira poopa kuwachititsa manyazi amayi pakati pa anthu, ndalama yoti ikanandifikitsa patali pa thumba la feteleza.

Mnyamatayo musamuchotse ntchito, wosamuphunzitsayo ndinu. Lembani pa menyu mbale iliyonse yomwe muli nkhumba, a Sabata ndi Asilamu amabweranso kwanuko ndi ndalama zawo. Ya carbonara ija mundibwezere pa Airtel Money, nambala muli nayo pomwe ndinasungitsa tebulo. Ndipo muwaimbire amayi, muwapepese m'Chichewa.

Chomwe anadya pa tsiku lawo lobadwa ndi nthochi ziwiri zomwe tinawagulira pa Mponela pobwerera.