Ana athu ophunzira kunja asamangokhala m'chipinda, mbiri yathu ili m'mabokosi komweko

Akonzi,

Ndithokoze kaye pondipatsa mpata mu nyuzipepala yathuyi. Ndine mmodzi mwa a Malawi amene tinabwera kuno ku Scotland kudzapitiriza sukulu, ndipo ndafuna ndiyankhulepo za achinyamata athu amene ali m'ma yunivesite akunja, makamaka nkhani ya kuyenda ndi kufufuza zinthu paokha, zimene mtima wawo ukufuna, osati zokhazo zimene a lekichala alemba pa bolodi.

Chaka ndi chaka timaona zithunzi pa Facebook, uyu wapeza Chevening, uyu Commonwealth, ena akupita ku China, ena India, ena pa Joni pompa, ndipo timawayamikira, n'zoyenera ndithu. Koma palibe amene amafunsa kuti nanga akafika kumeneko amakaonako chani. Ambiri amene ndawaona moyo wawo umazungulira malo atatu basi, kuchipinda, mkalasi ndi kuganyu. Viza ya sukulu kuno imalola munthu kugwira ntchito maola 20 pa sabata nthawi ya teremu, ndiye maola amenewo amathera kosamalira nkhalamba kapena kupakira katundu usiku, ndalama yake ikangolowa yapita kale kumudzi, fizi ya mlongo wake, feteleza, chipepeso cha maliro. Sindikuwanena ayi, foni yochokera kwa mayi ako sungaiyankhe kuti ndilibe. Chimene chimandiwawa ndi choti munthu amakhala chaka chathunthu ku Glasgow n'kubwerera kwathu osapondako ku Blantyre wa kuno, komwe anabadwira David Livingstone mu 1813, komwe mzinda wathu uja unatengera dzina, chonsecho pa sitima ndi ulendo wosakwana ndi theka la ola lomwe.

Taonani mmene anzathu amachitira ndi ana awo. Ku America kuli thumba lotchedwa Watson Fellowship, linayamba mu 1968, limapatsa wophunzira amene wangomaliza digiri ndalama zoti ayende chaka chonse kunja kwa dziko lake akufufuza nkhani imene waiganiza yekha, ndipo lamulo lake ndi loti asabwerere kwawo mpaka chakacho chitatha. Ku Ulaya kuli Erasmus kuyambira 1987, mwana wa ku Spain amakachita teremu ku Poland ngati nkhani wamba. Ena mwa ana amenewa ndi aja timawaona kwathu, ku Cape Maclear akuwerenga nsomba za mbuna m'madzi, ku Queens akutsatira madokotala m'mawodi, kumidzi atakhala pa mkeka ndi kope m'manja. Amatenga chilolezo ku National Commission for Science and Technology kapena ku komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo ya COMREC, amafunsa mafunso awo, n'kumapita. Ife mbali yathu imakhala yomasulira, yoyendetsa galimoto ndi yowaperekeza kwa amfumu, ndipo zimene apeza nthawi zambiri agogo anayankha mafunso aja sadzazimvanso. Izi sizinayambe lero. Buku la galamala ya Chichewa limene linatuluka ku America mu 1937 analemba ndi Mark Hanna Watkins, koma amene ankamuuza Chichewacho anali wophunzira wa ku University of Chicago dzina lake Hastings Kamuzu Banda. Zaka pafupifupi 90 zadutsa, ife tidakali oyankha mafunso a ena, ofunsa ndi ochepa kwambiri.

Tsono chimene ambiri kwathu sadziwa ndi choti mbiri ya dziko lathu yambiri siili ku National Archives ya ku Zomba yokha, ili kuno, m'mabokosi, ikungodikira munthu woti aitsegule. Ku London kuli The National Archives, ku dera lotchedwa Kew, umakwera sitima ya District line n'kutsika pa Kew Gardens kenako kuyenda pansi pang'ono. Kulowa ndi ulere, khadi yowerengera ndi yaulere, umangoonetsa ziphaso ziwiri. Chikwama ndi jekete umasiya mu loka, cholembera cha inki salola, pensulo yokha, umaitanitsa fayilo pa kompyuta n'kudikira, pakapita kanthawi umakaipeza mu kabati ya nambala ya mpando wako. Makalata amene bwanamkubwa wa Nyasaland ankalemberana ndi akuluakulu ake ku London ali mu gulu lotchedwa CO 525. Ukatsegula umapeza mapepala opyapyala otayipidwa pa makina akale, omangidwa ndi kachingwe pakona, m'mbali muli ndemanga za pamanja za anthu amene ambiri mwa iwo sanapondeko n'komwe ku Chiradzulu kapena ku Karonga koma ndi amene ankagamula za msonkho, za minda ndi za thangata. Ndipo amakulola kujambula ndi foni yako bola usayatse fulashi, tsiku limodzi ukhoza kutuluka ndi masamba mazanamazana m'thumba.

Kulinso gulu lina la mafayilo, FCO 141, limene boma la Britain linabisa kwa zaka zambiri ku Hanslope Park, mapepala amene anawachotsa m'maiko amene ankawalamulira nthawi ya ufulu itayandikira. Anavomera kuti alipo chifukwa cha mlandu umene akuluakulu a Mau Mau a ku Kenya anakasuma ku khoti ku London, ndipo anayamba kuwatulutsa mu 2012 mpaka 2013. Mwa mafayilo amenewa mulinso a Nyasaland. Ife chaka chilichonse pa 3 Malichi timakumbukira anthu amene anaphedwa mu 1959, timatchula za pa doko la Nkhata Bay, za omangidwa ku Kanjedza, za Kamuzu ku ndende ya Gwelo, za lipoti la Devlin lija linanena poyera kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, koma ndi angati mwa ife amene anakakhalapo pansi n'kuwerenga ndi maso awo zimene olamulirawo ankalemberana masiku amenewo? Mwana wathu amene akuchita masitazi ku Reading kapena ku Sussex ali pafupi ndi mapepala amenewa kuposa mphunzitsi aliyense wa mbiri ku Chanco kapena ku Mzuni, yemwe kuti afike pa Kew ayambe wasaka viza, tikiti ya ndege ndi malo ogona kwa miyezi.

Wina anganene kuti azungu analemba kale zonsezi. Inde analemba, George Shepperson wa ku Edinburgh ndi mnzake Thomas Price anagwira ntchito yaikulu pa mbiri ya John Chilembwe mu 1958 ndipo tiyenera kuwalemekeza. Koma Mmalawi akawerenga pepala lomwelo amaona zina. Dzina la mudzi lolembedwa mokhota iye amalizindikira, amadziwa kuti mfumu yatchulidwayo mdzukulu wake ndi amene ali pampando lero, amadziwa kuti ku Magomero kudakali mabanja amene agogo awo analima thangata pa esiteti ya Bruce, ndipo akabwerera pa holide akhoza kukwera minibasi n'kukawafunsa m'chiyankhulo chawo kuti kodi zimene analemba bwana uyu ndi mmene zinalili? Pepala la ku London ndi mawu a agogo a ku Chiradzulu zikakumana m'mutu mwa munthu mmodzi ndi pamene pamatuluka mbiri yeniyeni, ndipo munthu woti angachite zimenezo mosavuta ndi mwana wathu yemweyu.

Ku Edinburgh, pa msewu wa George IV Bridge, kuli National Library of Scotland, komwe kuli makalata a mamishoni a mipingo ya ku Scotland, a ku Livingstonia amene anayambira ku Cape Maclear mu 1875 ndi a ku Blantyre a 1876. Muli nkhani za masukulu oyamba, za zipatala, za aphunzitsi achikuda amene ankayenda mitunda kukatsegula sukulu za kumidzi, mayina awo alimo. Wophunzira unamwino kapena uphunzitsi asaganize kuti izi ndi za a mbiri okha, ntchito yakeyo inayambira m'makalata amenewa.

Amene ali ku South Africa ndiye ali ndi mwayi woposa, chifukwa ndi basi chabe. Ku Stellenbosch kuli malo osungirako mapepala a mpingo wa Dutch Reformed, muli za Mvera kuyambira 1889 ndi za Nkhoma, zambiri zili m'chi Afrikaans koma mnzako wa mkalasi akhoza kukuthandiza kuwerenga. Ku Rhodes University, mu mzinda wa Makhanda, kuli International Library of African Music komwe kuli nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'midzi ya kwathu m'zaka za m'ma 1950, bangwe, nyimbo za pamtondo, mawu a anthu amene anamwalira kalekale ndipo zidzukulu zawo sizidziwa kuti agogo awo akuimbabe pa shelefu ku Eastern Cape. Ku University of Johannesburg kuli mapepala a TEBA, ija makolo athu ankaitcha Wenela, imene inkatenga amuna kupita nawo kumigodi mpaka ndege inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha a Malawi opitirira 70, Kamuzu n'kuimitsa kaye kulemba anthu. Ndi mabanja angati kwathu amene ali ndi agogo kapena amalume anapita ku Joni osabwerako, matchona aja timangowatchula pamaliro? Mwana mmodzi wakhama atapatula sabata imodzi ya holide akhoza kuyamba kuyankha mafunso amene banja lakhala likufunsa zaka 60.

Sikuti zonse ndi za mapepala akale ayi. Wophunzira zaulimi ku India atakwera sitima kupita ku Anand, m'chigawo cha Gujarat, akaona ndi maso mmene alimi ang'onoang'ono a ng'ombe imodzi kapena ziwiri anamangira kopaletivi ya mkaka ya Amul kuyambira 1946, mmene amayezera mkaka m'mawa ndi mmene mlimi amalandirira ndalama yake, abwere adzakhale pansi ndi alimi a mkaka a ku Bvumbwe akambirane. Zimenezo mkalasi sangakuphunzitse, uyenera kudzuka m'bandakucha n'kukaima pa mzere pamodzi ndi amayi onyamula zigubu.

Zovuta zilipo ndipo sindizichepetsa. Pasipoti yathu siyenda mophweka. Mmalawi amene ali ku Britain akafuna kupita ku Rome, komwe ansembe a Katolika a White Fathers amasunga mabuku a tsiku ndi tsiku a mamishoni awo ngati Mua ya 1902, ayenera kupempha viza ya Schengen, 90 euro kuyambira 2024, kuwonjezera inshuwalansi, kalata ya kusukulu, sitetimenti ya kubanki, pamene mnzake wa mkalasi wa ku Ireland amangogula tikiti Lachisanu n'kunyamuka. Masitazi ya kuno ndi ya chaka chimodzi, imathamanga, ukamati wazolowera kuzizira ndi mabasi nthawi yolemba pepala lomaliza yakwana. Ndipo pali ka mantha kena kamene sitikambirana, koopa kuoneka ngati wabwera kudzasangalala, koopa kuti achibale akaona chithunzi uli pa siteshoni ya mzinda wina anena kuti ndalama ali nazo koma akutimana.

Ndiye pempho langa likupita kwa anthu angapo. Kwa ophunzira eni ake, funsani ku dipatimenti kwanu, ma yunivesite ambiri kuno amakhala ndi kandalama kothandizira ulendo wa kafukufuku ndipo nthawi zina kamangokhala chifukwa palibe wapempha, lembani kalata, akakukanizani simunataye kanthu. Basi ya usiku yochoka ku Glasgow kupita ku London ukagula tikiti msanga siwononga ndalama yambiri, ndipo ku London kuli a Malawi ambiri, kumipingo ndi m'magulu a pa WhatsApp, oti akhoza kukugoneka pa sofa masiku awiri. Pepala lanu lomaliza musasankhe mutu chifukwa choti ndi wophweka, sankhani umene mungaufufuze muli kunoko kokha, zimene mungathe kuchita muli ku Lilongwe mudzachita mukabwerera.

Kwa aphunzitsi a m'ma yunivesite athu, inuyo mukudziwa mafayilo amene mwakhala mukuwalakalaka. Lembani mndandanda wake ndi manambala, mupatse ana amene akunyamuka mu Seputembala, mwana mmodzi bokosi limodzi. Zithunzizo zikabwera zisathere mu laputopu ya munthu, kope ina ipite ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, motsatira malamulo a kumene zatengedwako, kuti mwana wa ku Chanco amene sadzakwerako ndege azitha kuziwerenga. Kwa makampani ndi mabanki athu amene amathandiza mpira ndi zoimbaimba, ndalama yotumizira ophunzira khumi pa chaka kuchoka pa sukulu pawo kupita ku Kew kapena ku Makhanda ndi yochepa poyerekeza ndi imene imapita pa chikho chimodzi, bwanji osayesako. Kwa makolo ndi achibale, mwana akakuuzani kuti mwezi uno sinditumiza chifukwa ndikupita kukafufuza zakutizakuti, mumvetseni, mwina akukafuna dzina la bambo anu omwe.

Ndipo inu akonzi, mutapatula tsamba limodzi pa mwezi loti ophunzira athu akunja azilembamo m'Chichewa zimene apeza m'maulendo awo, mwachidule, ndi chithunzi cha pepalalo kapena malowo, ine ndikhala woyamba kutumiza, ndipo ndikudziwa anzanga ku Edinburgh ndi ku Cape Town amene angalembe nawo.

Ndine wowerenga wanu,
Mmalawi wophunzira ku Glasgow