Kodi “le vi” ndizimuchongera wophunzira ngati cholakwa?

Alangizi olemekezeka,

Ndikupempha nzeru pa kaphunzitsidwe ka alowam'malo a Chisipanishi kwa ophunzira olankhula Chichewa amene akukonzekera mayeso a DELE, oyesa luso la chilankhulochi, a bungwe la ku Spain la Instituto Cervantes.

Poyambira sipavuta. Mwana wa Chichewa sadabwa kuona mlowam'malo akubwera mneni asanafike, popeza nafenso timati “ndinamuona”, -mu- ali patsogolo pa -ona. Ndiye “lo vi” kwa mwamuna ndi “la vi” kwa mkazi amazigwira tsiku lomwelo. “Le compré pan” nayonso imalowa ukangomuuza kuti ndi “ndinamugulira buledi”. Me, te, nos ndi os sasintha, kaya akuimira pamtherankhani wachindunji (amene ntchito yamugwera, monga woonedwa) kaya wopanda chindunji (wolandira, monga wopatsidwa). Chisokonezo chonse chili pa munthu wachitatu: lo, la, los, las mbali ino, le ndi les mbali inayo. Kwathu -mu- yemweyo ali mu “ndamuona” ndi mu “ndamupatsa”, choncho khutu lathu silinazolowere kusiyanitsa.

Msampha woyamba ndi kamawu kakuti a. Mu “Veo a María” (ndikuona María), a wabwera chabe chifukwa María ndi munthu, koma wophunzira akangoona a amathamangira le n'kulemba “le veo”, pomwe zoyenera ndi “la veo”. Muyeso wake ndi kutembenuza chiganizo: “María es vista” (María akuonedwa) ikumveka, ndiye María ndi wachindunji. Mu “Le escribo a María” sizingatheke, chifukwa cholembedwacho ndi kalata, María ndi wolandira.

Wachiwiri ndi alowam'malo awiri pamodzi. Mneni wa Chichewa amanyamula mmodzi yekha. “Ndamupatsa” watchula munthu, bukulo latsala panja. Chisipanishi chimanyamula onse, wolandira patsogolo: “me lo dio”. Le kapena les akakumana ndi lo, la, los, las amasanduka se, motero “Le di el libro a Ana” imakhala “se lo di”, osati “le lo di”. Koma se ameneyu amabisa ngati wolandira ndi mmodzi kapena ambiri, mwamuna kapena mkazi, mpaka uwonjezere “a ella”, “a ellos” kapena “a usted”. Ku Mexico ndi madera ambiri a Latin America mudzamva “se los dije” pofuna kunena kuti ndinawauza chinthu chimodzi anthu ambiri: -s wa anthuwo wasowa pokhala n'kukamatirira pa lo.

Za malo a alowam'malowa n'zongoloweza. Amamatirira kumapeto kwa mneni wothera -ar, -er, -ir, wothera -ando kapena -iendo, ndi wolamula: “dárselo”, “diciéndoselo”, “dámelo”. Kachizindikiro ka pamwambako kamalembedwa kuti kugogomeza kusasunthe, ndipo ndi komwe ambiri amatayirapo mamalikisi. Polamula moletsa amabwerera kutsogolo: “no me lo des”.

Pamene ndathedwa nzeru ndi pa leísmo, kutanthauza kugwiritsa ntchito le m'malo mwa lo kapena la. Ku Madrid ndi chigawo cha Castilla anthu amanena “A Juan le vi” m'malo mwa “lo vi”, ndipo Real Academia Española, nthambi yoyang'anira malamulo a Chisipanishi, imavomereza le ameneyu akamaimira mwamuna mmodzi. Siimuvomereza pa chinthu, ndipo “la dije” m'malo mwa “le dije” imamukana ndithu. Ophunzira amamvera mawu ojambulidwa ku Spain, akumva “le llamé”, “le conozco”, mawa lake akufalitsa le ponseponse, kwa akazi, kwa galimoto, kwa mabuku. Ukamuchongera “le vi” wonena za Juan, wamulakwira, chifukwa sanaphwanye lamulo. Ukamusiya, muyeso wa wachindunji ndi wopanda chindunji uja umamuthawa.

Maganizo anga ndi oti pa magawo oyambirira, A1 ndi A2, aphunzire lo ndi la zokha polemba ndi polankhula, le wa ku Castilla angomuzindikira akamumva, n'kudzamufotokoza bwino pa gawo lotsatira, B1. Koma kodi si kumubisira wophunzira chinthu chimene akukumana nacho kale m'makutu? Nanga pochonga, ndilembe chiyani pambali pa “le vi” kuti adziwe kuti sanalakwe koma asakazolowere? Ndipo se ndimulowetse liti, sabata yomweyo ya le ndi les kapena atakhazikika kaye?

Ine wanu,
Mphunzitsi wa Chisipanishi