Kwa inu ogulitsa zodyetsera mbalame za kamera: chinthu chanu sichikudziwa ngakhale pumbwa

Ndalemba poyera chifukwa mauthenga anga a pa WhatsApp mumangowerenga osayankha, ndipo ndikaimba foni mumati bwana watuluka. Amene anaona malonda anu pa Facebook awerengenso izi asanatulutse ndalama zawo.

Ndinagula kwa inu chodyetsera mbalame chokhala ndi kamera kuti ndikapatse bambo anga ku Zomba. Anapuma ntchito yauphunzitsi, ndipo miyendo sikuwalolanso kukwera phiri kukaona mbalame ngati kale, ndiye ndinati mbalamezo ziziwapeza pakhonde. Pa malonda anu munalemba kuti mbalame ikangotera kamera imajambula, foni imalira, app n'kukuuza mtundu wa mbalameyo. Ndisanalipire ndinamufunsa mnyamata wanu wa pakauntala ngati chimadziwa mbalame za ku Malawi. Anati chimadziwa za dziko lonse lapansi.

Kujambula kokha chimajambula bwino, izo sinditsutsa. Pumbwa akatera pa chidutswa cha papaya mumaona mpaka kachikasu ka pansi pa mchira wake. Koma dzina limene limabwera pa foni ndi la mbalame ya ku America, ndipo mawa pumbwa yemweyo amapatsidwa dzina lina. Njiwa zathu zonse chimazitcha Mourning Dove, njiwa ya ku North America. Chondipweteka kwambiri ndi timbalame tija ta milomo yaitali yokhota, tomwa timadzi ta m'maluwa. Munandigulitsa kabotolo kapadera ka madzi a shuga kuti tizibwera, tinabweradi, app n'kunena kuti ndi hummingbird. Mbalame imeneyo imapezeka ku North America, South America ndi zilumba zoyandikana nako basi. Mu Africa muno mulibe. Mdzukulu wawo wa bambo anakalinena dzinalo kusukulu ali wonyada, chifukwa analiwerenga pa foni ya agogo ake.

Bambo ali ndi kope limene akhala akulembamo mbalame kuyambira ndili mwana. Poyamba ankakopera mayina a pa foni m'kopemo, poganiza kuti makina sanganame. Kenako anayamba kukayika, n'kumavala magalasi, kuyang'anitsitsa chithunzi chilichonse, kufufuta zimene analemba. Pano foni ikalira sayitola n'komwe. Munthu amene ndinkafuna kumusangalatsa ndinamuwonjezera ntchito yokonza zolakwa za makina anu.

Chifukwa chake sichovuta kumvetsa. Makina amenewa amaphunzitsidwa ndi zithunzi, ndipo amadziwa zokhazo zimene anaonetsedwa. Umboni wake ndi woti mpheta ya pakati pa nyumba, ija imapezekanso ku Ulaya ndi ku America, chimaidziwa bwinobwino osaphonya. Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame yoposa 600. Pa mapiri a Zomba, Malosa ndi Mulanje pali kambalame kotchedwa Yellow-throated Apalis komwe sikapezeka dziko lina lililonse. Sindinkayembekezera kuti chidziwe kameneko. Koma pumbwa, njiwa, khwangwala, mbalame zimene zili pa bwalo la munthu aliyense? Ndinalowa m'maseting'i n'kulemba kuti tili ku Zomba, Malawi. Palibe chinasintha.

Ndiye pali nkhani ya ndalama imene simunanene. Mwezi woyamba utatha, app inatseka kutchula mayina ndi kusunga mavidiyo, ikuti tizilipira mwezi ndi mwezi, m'madola, ndi khadi la ku banki. Inu mukudziwa bwino mmene ndalama zakunja zikuvutira kuno. Munthu wopuma ntchito, wodikira penshoni, azilipira madola kuti aziuzidwa mayina abodza? Pa bokosi zinalembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono kumbuyo, koma pa malonda anu panalibe, ndipo pakauntala palibe ananena.

Simunanenenso kuti chimangogwira mtundu umodzi wokha wa wifi, wa 2.4 GHz, moti tinavutika kuchilumikiza mpaka tinaitana mnyamata wodziwa za intaneti. Chitalumikizika chinayamba kudya bandulo. Mphepo ikagwedeza masamba a mango, kamera imajambula n'kutumiza. Nkhuku ikadutsa, imatumiza. Magetsi akazima rauta imazima, ndipo mbalame zonse za nthawi imeneyo sizioneka pa foni. Ku mayiko amene anthu ali ndi intaneti yosatha m'nyumba zimenezi si nkhani, koma inu mukugulitsa kuno.

China chimene chikundidetsa nkhawa ndi ukhondo. Mvula itayamba, madzi ankalowa m'kabokosi ka chakudya, mapira ndi mpendadzuwa n'kunyowa, kuchita chuku pansi pamene dzanja silifika. Kuti mutsuke bwino muyenera kumasula kamera yonse ndi sikuludiraiva. Chodyetsera chauve chimafalitsa matenda. Ku Britain, matenda a trichomonosis, amene amafala pamalo pamene mbalame zimadyera pamodzi, achepetsa kwambiri mbalame zotchedwa greenfinch kuyambira cha m'ma 2005, ndipo njiwa ndi nkhunda zimanyamula tizilombo tomweto. Pakhonde pa bambo njiwa ndiye zimadzaza. Mnyamata wanu sanatchulepo ngakhale kamodzi zoti chimafunika kutsukidwa.

Pakadali pano mayina olondola tikuwapeza ndi Merlin Bird ID, app yaulere ya Cornell Lab of Ornithology, bungwe la ku America lofufuza za mbalame. Mchemwali wanga amatenga chithunzi cha pa kamera yanu n'kuchiika mu Merlin, ndipo nthawi zambiri imatchula mbalame ya kuno ndithu. Ndiye kuti ndinalipira mtengo wa chinthu chanzeru n'kulandira kamera wamba yokhala ndi mbale.

Ndikufuna zinthu izi. Mundibwezere ndalama zanga ndikubwezereni katundu wanu, lisiti ndili nalo, bokosi lilipo. Ngati simungathe, funsani amene anapanga chinthuchi akupatseni mndandanda wa mbalame za kum'mwera kwa Africa zimene chimadziwa, muuike pa tsamba lanu lomwe lino aliyense aone. Malonda aja muwakonze: mulembe za ndalama za mwezi ndi mwezi, za wifi, ndi za bandulo, m'zilembo zazikulu ngati mmene munalembera mtengo. Ndipo muwauze anyamata anu kuti funso limene sakulidziwa asamayankhe kuti inde.

Mundiyankhe pansi pano pomwe, osati ku inbox. Mukapanda kutero ndikadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula, ndipo zithunzi za malonda anu ndinazisunga zonse.