Kalata yotseguka kwa Pulezidenti wa FAM: kochi naye azikhala ndi womufunsa mafunso

Kwa a Fleetwood Haiya,
Pulezidenti wa Football Association of Malawi,
Mpira Village, Chiwembe.

Bwana Pulezidenti,

Nkhani yanga ndi ya makochi, koma si ija timakangana m'minibasi Flames ikaluza, yoti uyu achotsedwe, uyo abwere. Pempho langa ndi limodzi. Kochi aliyense amene ali ndi layisensi m'dziko muno, makamaka amene akuphunzitsa ana ndi atsikana, azikhala ndi munthu wodziwa ntchitoyi woti azikumana naye pafupipafupi, n'kukhala pansi kusanthula mmene akukhalira ndi osewera ake. Za kaimidwe ka osewera pabwalo, monga 4-4-2 ndi 4-3-3, ali nawo kale ambiri okambirana nawo. Amene akusowa ndi womufunsa kuti: pamene munasankha zakutizakuti, mumaganiza chiyani, ndipo amene anapwetekedwa nazo ndani?

Maphunziro a CAF, bungwe la mpira la mu Africa, kuyambira layisensi D kukwera mpaka A, amamupatsa kochi luso la pabwalo. Akamaliza amajambulitsa ndi satifiketi yake, n'kubwerera ku Mchinji, ku Karonga kapena ku Nsanje, ndipo kumeneko amakhala yekhayekha. Iye ndiye kochi, iye ndiye dokotala wa timu, iye ndiye wosunga ndalama ya thiransipoti. Kwa ana ambiri ndiye bambo amene akumuona tsiku ndi tsiku. Mphamvu zonsezi zili m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo amene amamuwerengera ntchito amangoona mapointi pa tebulo la ligi.

Taganizirani kochi wa timu ya anyamata osapitirira zaka 17. Ali ndi mnyamata amene pepala likuti ali ndi zaka 16, koma m'dera monse akudziwa kuti anakwana 19 kalekale. Ndiye akugoletsa zigoli. Mabwana a timu akudziwa, makolo akudziwa, ngakhale timu yotsutsana nayo ikudziwa poti nayo ili ndi ake awiri. Kochiyu sadziona ngati wakuba. Amangoti aliyense akutero, ine ndikapanda kutero ntchito itha. Pabenchi pali kamnyamata ka zaka 15 zenizeni, kamabwera koyambirira ku maphunziro, kamatola mipira ena akapita, ndipo chaka chikamatha kamasiya mpira osatsanzika. FIFA inayamba kujambula fupa la pamkono ndi makina a MRI mu 2009 pofuna kugwira onama zaka, koma makinawo safika ku mpikisano wa m'boma, ndipo ngakhale atafika sangasinthe mmene kochi uja wazolowerera kudzikhululukira. Zimenezo amazisintha ndi munthu amene angamufunse maso ndi maso kuti, kamnyamata kaja kali kuti masiku ano?

Nkhani yachiwiri ndi yovutirapo, ndipo ndikhalapo pang'ono. Mtsikana waluso wachokera kumudzi, makolo alibe kalikonse. Kochi amutengera kunyumba kwake, amulipirira fizi, amugulira jombo. Ichi n'chifundo chenicheni, ndipo pali osewera amene akanathera m'munda pakanapanda makochi oterewa. Koma kuyambira tsiku limenelo mtsikanayu alibe pokanira. Bondo likatupa, kochi n'kunena kuti fainolo ndi Loweruka, umange bandeji usewere, akana bwanji kwa munthu amene akumudyetsa? Alawansi yake ikamasungidwa ndi kochi, aifunsa bwanji? Ku kampu akamuitanira kuchipinda yekha usiku kuti akambirane za masewero a mawa, anena kwa yani kuti sakumasuka? Makochi ambiri sayamba ndi mtima woipa. Malire amasuntha pang'onopang'ono, lero chala, mawa dzanja, mwini wake osazindikira kapena osafuna kuzindikira. Mafunso amenewa akafunsidwa m'mwezi wachiwiri, kochi akhoza kupeza banja lina losunga mwanayo, akhoza kuitana mayi wina aziyenda ndi timu. Akafunsidwa m'chaka chachitatu, amafunsa ndi apolisi.

Ena anena kuti izi n'zakunja. Kunjako zinawaonekera anthu amene ali ndi ndalama, maofesi ndi malamulo kuposa ife. Ku England, wosewera mpira wakale Andy Woodward anaulula mu November 2016 zimene kochi Barry Bennell anamuchita ali mwana, ndipo anthu ena mazanamazana anatsatira. Lipoti la loya Clive Sheldon la mu March 2021 linatchula anthu osachepera 240 oganiziridwa ndi ozunzidwa 692, ndipo linapeza kuti bungwe la mpira la kumeneko linachedwa kuchitapo kanthu pakati pa 1995 ndi 2000. Ku America, mu October 2022, loya Sally Yates anatulutsa lipoti lokhudza ligi ya amayi ya NWSL, yomweyi imene Temwa Chawinga anagoletsamo zigoli 20 mu 2024 n'kukhala wosewera wopambana onse. Lipotilo linati nkhanza za makochi zinali zitazika mizu, ndipo mizuyo inayambira m'matimu a ana, kumene atsikana amazolowera kutukwanidwa n'kumaona ngati ndi mmene mpira umakhalira. Mawu amenewo ndi amene amandiopsa, chifukwa aliyense amene anaimapo m'mbali mwa bwalo lafumbi Loweruka masana anamvapo zimene makochi ena amakalipira ana, ife oonerera n'kumaseka.

FIFA inakhazikitsa ndondomeko ya FIFA Guardians mu 2019 yoteteza ana mu mpira, ndipo malamulo a dziko lathu alipo: Child Care, Protection and Justice Act ya 2010, Gender Equality Act ya 2013, komanso kusintha kwa malamulo aakulu mu 2017 komwe kunati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Nambala ya foni ya 116 yothandiza ana ilipo. Zonsezi n'zofunika, koma zambiri zimayamba kugwira ntchito mwana atapwetekedwa kale. Chimene ndikupempha chimagwira ntchito zinthu zisanafike pamenepo, pa kochi amene sanalakwire lamulo lililonse koma wayamba kuterereka.

Ntchito zina zothandiza anthu zinaphunzira kale zimenezi. Ku Britain, bungwe la BACP la aphungu olangiza anthu pa mavuto awo limafuna kuti phungu wovomerezeka azikhala ndi womuunikira kwa ola limodzi ndi theka mwezi uliwonse. Bungwe la EMCC, la anthu amene ntchito yawo ndi kulangiza ndi kukulitsa anzawo pa ntchito ndi m'mabizinesi, limati pa maola 35 aliwonse a ntchito pazikhala ola limodzi lounikiridwa. Brigid Proctor, mmodzi mwa amene anayala maziko a kachitidwe aka, anati kukumanaku kuli ndi ntchito zitatu: kuona ngati munthu akutsata mwambo wa ntchito yake, kumuphunzitsa, ndi kumutsitsimula. Chachitatuchi anthu amachipeputsa. Kochi amene sanalandire malipiro miyezi itatu, masapota akumudikirira pageti, mkazi kunyumba akufunsa za lendi, ndi amene amakalipira mwana wa zaka 14 ngati wamubera. Akakhala ndi potulira mtolo umenewo, sautulira pa ana.

Ife kuno sitiyenera kuphunzitsidwa zambiri pa izi. Banja limakhala ndi ankhoswe, ndipo banja lanzeru silidikira kuti mbale zisweke kuti liwaitane.

Kayendetsedwe kake sikovuta, koma pali chinthu chimodzi chimene chikalakwika zonse zafa. Womuunikira kochi asakhale amene amamulemba ntchito, asakhale amene angamuchotse, asakhale amene amasankha opita ku maphunziro a layisensi yotsatira kapena olowa m'gulu la makochi a timu ya dziko. Kochi akadziwa kuti zimene anene lero zikamveka ku komiti mawa, abwera ndi lipoti lokoma ngati la kumsonkhano, ndipo mudzakhala mwawononga ndalama ya tiyi. Tili ndi makochi opuma ndi osewera akale ambiri amene akungokhala, anthu amene anaona zonse ndipo alibenso mpando woulimbirana. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, inde, koma ukulu wokha sukwanira. Ena mwa iwo ndi amene anatiphunzitsa kutukwanako. Asankhidwe mosamala ndipo aphunzitsidwe kumvetsera ndi kufunsa, chifukwa mkulu wosaphunzitsidwa amasandutsa ola lonse kukhala ulaliki wa mmene ankachitira mu 1984. Pakhalenso amayi okwanira pa ntchitoyi. Aphungu olangiza anthu ndi anthu a zachisamaliro cha anthu amene tili nawo m'maboma akhoza kuthandiza kuwaphunzitsa.

Za chinsinsi zinenedwe poyera tsiku loyamba. Zimene kochi wanena m'chipindamo zimathera momwemo: mantha ake, kukondera kwake, mkwiyo wake, ngakhale nkhani ya pepala la zaka imene akufuna kuikonza. Koma zikaoneka kuti mwana akuzunzidwa kapena ali pachiopsezo, womuunikirayo akanena, ndipo kochi adziwiretu zimenezo asanatsegule pakamwa. Chipindachi chisasanduke pobisalira.

Mudzamva kuti ndalama palibe. Makochi asanu kapena asanu ndi mmodzi okumana kamodzi pa miyezi iwiri m'kalasi ya sukulu ku Zomba kapena ku Mzuzu safuna hotela. Amene ali kutali akhoza kulankhulana pafoni. Ndondomeko ya FIFA Forward ya 2023 mpaka 2026 inaika ndalama zofika madola 8 miliyoni kwa bungwe lililonse la mpira, ndipo ngakhale ndikudziwa kuti ndalamazo zili ndi malamulo ake komanso pakamwa pambiri pozidikira, thiransipoti ya makochi opuma makumi angapo singagwetse bajeti. Mudzamvanso makochi ena akuti, ine ndaphunzitsa mpira zaka 20, andiuza chiyani? Ameneyo ndiye woyamba kumuitana. N'chifukwa chake ndikupempha kuti kukumanaku kumangiriridwe ku layisensi: amene sanakumane ndi womuunikira kokwanira pa chaka, asaloledwe kukhala pabenchi chaka chotsatira. Zikakhala zongofuna mwini, abwera okhawo amene ali kale ndi chikumbumtima chofewa.

Ma Scorchers, timu yathu ya dziko ya amayi, atatenga chikho cha COSAFA mu October 2023 pogonjetsa Zambia 2-1, makolo ambiri amene kale ankaletsa ana awo aakazi kumenya mpira anayamba kuwamasula. Akuwapereka m'manja mwa makochi amene sakuwadziwa bwino, nthawi zina kutali ndi kwawo. Yambani ndi makochi a matimu a amayi ndi a ana osakwana zaka 17. Yesani kwa chaka chimodzi m'maboma ochepa, mufunse makochiwo komanso osewera awo ngati chasintha chilipo, ndipo zimene mupeze mutiuze poyera pa msonkhano wanu waukulu wa pachaka.

Ine wanu,
Kholo la mwana wosewera mpira,
Blantyre.